Njovu pa Mfuti ya Araba

Egya Atta, mmisiri wosula zitsulo, ankatembenuza mfuti yaifupi ya Araba padzuwa. Araba anangoima ngakhale anamupatsa mpando.

Mwamuna wake Kwamena anali asanazizire n'komwe m'manda pamene abale ake a ku Cape Coast anafika kudzasesa nyumba. Bwato anatenga, maukonde anatenga, ngakhale nsapato. Zonse zinapita kwa Ebo, mphwake wa malemuyo, monga mwa mwambo. Araba anazilola zonsezo. Koma pa mfuti ya gogoderayi anakana. Anati inachokera kwa amalume ake a mayi ake konkuno ku Elmina, analowa nayo m'banja ataikulunga m'chitenje, ndipo idzakhala ya mwana wake. Ebo anati bodza, inali ya makolo awo.

Akuluakulu anagwirizana kuti chidindo cha pachitsulo chiweruze. Mfuti zimene Angerezi ankagulitsa ku Cape Coast zinkakhala ndi kanjovu konyamula linga pamsana. Za ku Elmina zinkakhala ndi zilembo za Adatchi. Araba sankadziwa chimene chinali pa yake, chifukwa dzimbiri linali litakuta pamenepo kuyambira ali mtsikana. Nanga ikapezeka njovu?

Mmisiri uja ananyowetsa chala ndi malovu, napukuta pafupi ndi mwala wothethetsa moto. Kenako anafunsa amene anaitsuka.

Araba anayankha kuti ndi iye. Sakanabweretsa chinthu chadzimbiri pamaso pa anthu ngati mkazi wauve. Anaikwecha m'mawa womwewo ndi mchenga wa kunyanja ndi mandimu, monga amachitira ndi mabeseni ake a nsomba, mpaka inawala.

"Mayi, mwakwecha ndi dzina lake lomwe," anatero Egya Atta motsitsa mawu. "Dzimbiri ndi limene linkasunga chidindocho. Patsala kamzere kokhota aka. Kangakhale chitamba cha njovu, kangakhale mchira wa chilembo. Sindinganame."

Ebo anaseka mpaka kugwira bondo.

"Azakhali, njovu yathu mwaiphika ndi mandimu? Munaiona, n'chifukwa chake munaipala."

"Ndikanaiona ndikanakuponyera kumaso, mbava iwe. Amalume ako akudwala unabwerapo ndi madzi akumwa?"

Araba anayang'ana zala zake zosupuka ndi mchenga. Palibe wina anamulanda umboni. Anali atauwononga yekha.

Akuluakulu sanachedwe. Anati chopezeka m'chipinda cha mwamuna, popanda chotsutsa, n'cha mwamuna. Ebo aitenge, ndipo ndiye adzaiombe Loweruka pa mwambo wotsiriza maliro.

Araba anapempha kuti aigwireko komaliza. Anamupatsa. Anamasula kachitsulo kopana mwala ndi nsonga ya mpeni wake wotumbulira nsomba, nachotsa mwalawo, naumanga pa mfundo ya chitenje.

"Uwu anauikapo ndi mlongo wanga, pamaso pa Egya Atta yemweyu. Kapena nawonso uli ndi njovu?"

Mmisiri anavomera ndi mutu. Ebo atamufunsa kumene angapeze mwala wina, iye anati miyala yotere inasiya kubwera kalekale, ndipo wotsiriza umene anali nawo ndi womwewo.

Loweruka Ebo anaima kutsogolo kwa anthu atavala nsalu yofiira, nakweza mfuti kumwamba, nakoka kachitsulo koombera. Inangoti kha.