Njinga Yosagwetsa Munthu

Amuna anga, a Bartholomew, anakhala ndi njinga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osaikwerapo ngakhale kamodzi. Sankatha. Loweruka lililonse ankaitsuka, kuthira oyilo pa tcheni, kupopa matayala mpaka gwa, kenaka n'kumaikankha. Kwathu kuno kuseri kwa phiri la Dedza zimenezi sizidabwitsa munthu, poti aliyense wonyamula matumba a mbatatesi amakankha njinga pa chitunda. Potsetsereka ankati mabuleki ndi osadalirika. Posalala ankati akuwongola miyendo. Ine mkazi wawo ndinkangoti, “Inde, bambo a Victoria,” pakamwa n'kutseka.

Tsoka linabwera mu 1995. Mwana wa m'mudzi mwathu anadzozedwa unsembe, ndipo akhristu anapangana kuti tsiku la Misa yake yoyamba amuna onse a njinga akamuchingamire ku msewu waukulu, apalase patsogolo pa galimoto yake mpaka ku tchalitchi. Nanga atsogolere ndani? A Yohana, aja okonda kuseka anzawo, anaimika mkono.

“Wapampando wathu, a Bartholomew! Njinga yawo ndi yowala kuposa zonse.”

Anthu m'manja phuphuphu. Ndinacheukira amuna anga, nkhope ili mbuu ngati aithira phulusa. Kunali kutatsala masabata awiri.

Masiku atatu sanadye bwino. Tsiku lachinayi anabwera kuchokera ku msika akuimba mluzu.

“Mayi a Victoria, ku boma kwafika zachilendo. Kuseri kwa sitolo ya a Hamza atsegula sukulu ya njinga. Ya m'nyumba.”

“Njinga m'nyumba? Zimakhota bwanji?”

“Sizikhota. Siziyenda n'komwe. Ndi zolimbitsa thupi basi. Ndikufuna ndikalimbitse mawondowa kuti Lamulungu lija ndisakatope.”

Masiku amenewo chilichonse chopanda mutu tinkangoti ndi matipate, n'kuzisiya. Koma izi ndinati ayi, ndikazionere ndekha.

Tinanyamuka m'mamawa, chifunga chili tolo, mphepo ya mu Juni ikuluma makutu. Maola atatu wapansi, iwo akukankha njinga yeniyeni ya matayala awiri, ulendo wokakwera njinga yosayenda. Titafika anaikhoma loko pakhonde la sitolo.

Mphunzitsi wake anali mayi Sibongile, mlamu wawo wa a Hamza, amene anachokera ku Joni pamodzi ndi njinga zake zisanu ndi imodzi. Anavala buluku lothina, loti zaka zingapo m'mbuyomo akanakagona nalo kupolisi, wenzulo ili lende pakhosi. Njingazo anaziika m'chipinda cha katundu, pakati pa matumba a mchere ndi makatoni a sopo. Iliyonse inali ndi tayala limodzi lachitsulo losakhudza pansi, miyendo yake ataimanga ndi mabawuti pa simenti. Belu panalibe. Nanga uimbire ndani?

Ophunzira ena anali atakwera kale: aphunzitsi awiri a ku sekondale, nesi wina wowonda, ndi kalaliki wa ku ofesi ya nkhalango, mimba ili patsogolo. Mayi Sibongile anandilozera njinga yotsala. Ndinati zikomo mayi, ine ndalimbitsa kale thupi m'njira, n'kukhala pa thumba la mchere.

A Bartholomew anavula jekete n'kundipatsa. Anapinda buluku mwendo wakumanja, kumanga ndi mphira monga amachitira akatswiri. Anaizungulira njingayo kawiri. Anaigwedeza, koma sinagwedezeke. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kukwera.

Sanagwe.

Mayo ine, nkhope imene ija! Bambo wa zaka makumi asanu, wapampando wa tchalitchi chonse, kumwetulira ngati mwana woti amugulira nsapato koyamba. Ndinamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo ndinayamba kuwerenga zolemba pa makatoni a sopo kuti asaone maso anga.

Mayi Sibongile anayatsa wailesi ya kaseti, nyimbo ya ng'oma zokhazokha, n'kuliza wenzulo. Chichewa chawo chinali chodumphadumpha, koma kukalipa ankatha.

“Tiyeni! Tili pa msewu wosalala! Palasani!”

Onse anapalasa. Matayala achitsulo aja ali vuu, vuu, thukuta kamukamu, munthu osasuntha ngakhale phazi limodzi. Amuna anga ankatulutsanso mkono kumanja ngati akufuna kukhota, mpaka anamumenya nesi uja paphewa.

“Tsopano chitunda chikubwera! Mangani kachitsulo ka kutsogoloko! Chitunda chachikulu! Imirirani!”

Ndinasuzumira pa zenera. Phiri la Dedza linali pomwepo, lenileni, ndi mapaini ake, laulere. Koma m'nyumba muno anthu asanu anzeru zawo akupuma wefuwefu ndi chitunda chimene mayi wa ku Joni wangochipeka pakamwa. Abale, dziko linali litapita!

Nditatembenuka ndinapeza a Bartholomew atatsika. Agwira mahandulo, awerama, ayala miyendo m'mbuyo, akukankha njinga yomanga ndi mabawuti.

“A bambo, mukutani?” anakuwa mayi Sibongile.

“Si mwati chitunda? Ndikukankha.”

“Muno sitikankha! Kwerani!”

“Mayi, inu ndi alendo, ine ndi wakonkuno. Pa chitunda chotere munthu wanzeru amatsika. Mudula tcheni.”

Kalaliki wa nkhalango uja, amene maso anali atatong'oka kale, anati, “Akunena zoona achikulirewa,” nayenso phi pansi n'kuyamba kukankha. Aphunzitsi awiri aja anayang'anana, nawonso n'kutsika. Amuna anayi akuluakulu, nsapato zikuterera pa simenti, kukankha njinga zosasuntha, wina akulimbikitsa mnzake kuti limbani mtima, tatsala pang'ono kufika pamwamba. Nesi yekha ndiye ankapalasabe, misozi ya phwete ili mbwembwembwe.

Mayi Sibongile analiza wenzulo mpaka mitsempha ya pakhosi kuoneka. Palibe anamvera. Potsiriza anangogonja.

“Chabwino! Chitunda chatha! Tikutsetsereka!”

Onse anakweranso. Amuna anga anafunsa kuti mabuleki ali pati, ndipo atauzidwa kuti palibe, anapalasa pang'onopang'ono mosamala, akuchenjeza anzawo kuti potsetsereka m'pamene anthu amafera.

Ola litakwana, kawotchi ka pa mahandulo kanalemba makilomita khumi ndi anayi. Kalaliki uja anati ndiye kuti tadutsa Bembeke. A Bartholomew anagwira chanza aliyense, nesi kawiri, n'kuvala jekete chifuwa chili nganganga.

Pobwerera, titadutsa nkhalango ya mapaini, pali malo otsetsereka pang'ono opanda nyumba. Anayang'ana uku ndi uku.

“Mayi a Victoria, ine nditsogoleko. Mundipeza pa mlatho.”

Ndikanati ndiwaletse, koma ndikanayambira pati? Anaponya mwendo, kukhala pa chishalo, kunyamula mapazi onse awiri. Njinga inayenda mwina mapazi khumi, inapita kumanzere, inaganiza zopita kumanja, kenaka khuu m'munda wa kabichi wa eni ake. Ndinathamanga. Ndinawapeza chagada, tayala likuzungulira pamwamba pawo, chigongono chikuchucha magazi.

“Njinga iyi ili ndi vuto,” anatero akuyang'ana kumwamba. “Ija ya ku boma siipendekeka chonchi.”

“Inde, bambo a Victoria. Yakalamba.”

Ndinang'amba nsonga ya chitenje n'kuwamanga. Njira yonse yotsala njinga anachita kuikankha.

Lamulungu lija linafika. Ku msewu waukulu kunali njinga makumi anayi, zokongoletsedwa ndi maluwa ndi masamba a nthochi, galimoto ya wansembe watsopano ili kumbuyo, ife amayi m'mbali ndi nthungululu. Amuna anga anaima patsogolo, mbendera ya parishi ataimangirira ku keliyala. Anthu onse anakwera. Iwo ali chiimire.

“A wapampando, kwerani, dzuwa likutentha!” anakuwa a Yohana, mano onse ali pamtunda.

A Bartholomew anatembenuka. Mawu anatuluka omveka mpaka kumbuyo.

“Abale anga, ine njinga sinditha kukwera. Sindinakwerepo.”

Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndiye mkulu wina wa kwaya anayankha ali pa chishalo, “Aa, zimenezo ndiye tikuzidziwa, a wapampando. Tiyeni tizipita, Misa ichedwa.” Anatsika n'kugwira mahandulo. Mnzake anatsika, winanso, mpaka onse, ngakhale a Yohana amene anatsala okha pamwamba ngati khwangwala. Wansembe wathu analowa m'mudzi mwawo pa liwiro la ngolo, kumbuyo kwa amuna makumi anayi okankha njinga.

Misa itatha, anthu akudya, ndinawapeza amuna anga atakhala okha kuseri kwa tchalitchi. Ndinkati ndiwaseke pang'ono kuti mtima utsike, koma anayamba ndi iwo.

“Magadalena,” anandiitana dzina langa, limene sanalitchule chibadwire Victoria. “Inunso munkadziwa?”

“Ndinadziwa sabata yomwe munaigula.”

“Bwanji osanena?”

“Ndinkakusungirani ulemu, bambo.”

Anasisita chigongono chija. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

“Ndiye kuti zaka zonsezi,” anatero motsitsa mawu, “mukanatha kumandigwirira kumbuyo, ine n'kuphunzira.”

Ine ndinakhala pansi pambali pawo, manja ali m'chitenje.