Chikwangwani cha Buledi wa a Maarika

Pamsika wa kuno ku Kotka, tsidya lino la nyanja yotilekanitsa ndi Estonia, palibe sawadziwa a Maarika, aja ogulitsa buledi wakuda pafupi ndi ansomba zowamba. Koma dzina lawo satchula. Amangoti "mayi a ku Viro", poti ndi zomwe apongozi awo, a Tauno, analemba kalekale pachikwangwani: Buledi wa ku Viro.

Nkhani yake ndi iyi. A Maarika kwawo ndi ku Estonia inde, koma pachilumba cha Saaremaa, kutali ndi chigawo cha Viru. Akangoti adandaule, a Tauno ankayamba yomweyomweyo, akuti makolo awo ankawoloka nyanja ndi migolo ya nsomba zamchere kukasinthitsa ndi tirigu kugombe la Viru, ndiye dziko lonse la Estonia anangolitcha Viro, basi. Nkhaniyi a Maarika anaimva mpaka makutu kuwawa.

Kenako kunamveka kuti mayi awo a Maarika akubwera Loweruka, koyamba. Mayiwo akuti amanyadira chilumba chawo koopsa, ndipo a Maarika sanafune aoneke ngati mwana wotaya kwawo. Anapempha kufufuta chikwangwanicho, a Tauno anakana. Ndiye a Maarika anangochitembenuza n'kulemba kuseri: Buledi wa ku Saaremaa.

Loweruka lija anthu ankangodutsa. Paja ife a kuno sitiyang'ana munthu kumaso, ndiponso sitifunsa. Munthu kuona chikwangwani chachilendo, n'kuganiza kuti mayi a ku Viro anasamuka, eni ake ataima pomwepo ndi mpango wawo womwe uja. Dzuwa linafika pamutu buledi ali mbwee.

Mayi awo aja anatulukira akukoka miyendo, atatopa ndi sitima yapamadzi komanso basi. M'mwamba sanayang'aneko. Anapempha mpando, n'kunyema buledi, n'kumatafuna.

"Chikwangwani mwachiona, amayi?"

"Iwe, buledi sakuyenda apa, ukundionetsa thabwa?"

A Maarika anafotokoza zonse, ndi za a Tauno zomwe. Mayiwo anangopukusa mutu, akuti nawonso kwawo dziko lino amalitcha Soome, pomwe kale linali dzina la kangodya kamodzi chabe, ndipo palibe anafa nazo.

"Tembenuza, mwanawe. Msana ukundiwawa, ndipo pano sitichoka buledi asanathe."

A Maarika anakwera pakabokosi, n'kutembenuza.

Posakhalitsa panafika nkhalamba ina ya chipewa chaubweya, maso ali pathabwa.

"Mwabwerera? M'mawa ndinakusowani."

A Maarika anangokulunga buledi muja amachitira.