Chiwongolero Chachifupi

Anaipeza akufuna sikuludiraiva. Makina ake osokera anali atamasuka, ndiye anatsegula chikwama cha zipangizo cha mwamuna wake, makaniko. Pansi pa masipanala panali galimoto. Ya mawaya.

Mayi Telala anaiika patebulo lodulira nsalu. Inali ntchito ya manja odziwa. Matayala a zitini za polishi, okulungidwa ndi mphira wa chubu. Nyali za zitsekerero za mabotolo. Fungo la dzimbiri linamubweza kutali, kuseri kwa nyumba za lendi kumene anakulira. Alongo ake atagwada m'fumbi, milomo ikulira ngati injini, mpanda wa aneba ukutha waya ndi waya. Iye ankaloledwa kukweza chidole chake cha nsanza kumbuyo, bola alonjeze kusalira chikagwa.

Anamwetulira. Kenako anaona chiwongolero.

Lamulo lake ankalidziwa. Waya wa chiwongolero amayezera pamchombo wa mwini galimoto. Ukatalika umakubaya, ukafupika umayenda chowerama. Anaitsitsa pansi. Chiwongolero chinamulekeza m'ntchafu.

Mchombo wa ndani umenewu?

M'nyumbamo munalibe mwana. Simunakhalepo mwana. Womaliza kuzinena anali mlamu wake, mkulu wa mwamunayo. Ananena pagulu kuti nyumba yawo ndi shopu chabe, yolira makina m'malo mwa khanda. Tsiku lomwelo Mayi Telala analumbira: wokaponda kwa munthu ameneyo asabwererenso pakhomo pano. Mwamuna anamvera. Zaka zinadutsa.

Koma masiku ano Loweruka lililonse ankatuluka. Ati kuli galimoto ya kasitomala kugalaja. Ankabwera zala zitakandikakandika, akuimba mluzu. Munthu wa imvi, mluzu!

"Bambo," anatero Mayi Telala pothira tiyi, "galimoto ya kasitomala ija ndi yaikulu bwanji?"

"Yapakati."

"Mwini wake ndi wamtali?"

Mwamuna anatsamwa. "Upolisi mwayamba liti, mayi?"

"Ndangofunsa. Ife atelala timakonda miyezo."

Loweruka anamulondola. Potuluka anadzipeza atagwira sizasi. Anaiyang'ana, naibweza.

Mwamuna, chikwama chija kumanja, anadutsa galaja osacheuka n'komwe. Pagolosale anagula nthochi ndi masiwiti. Masiwiti! Kwa iye anasiya kubweretsa ngakhale chingamu. Anakhotera m'kanjira kamene Mayi Telala sankakadziwa, nalowa pageti la malata osagogoda, ngati kwawo.

Mayi Telala anasuzumira pampata. Pachingwe panali nsalu zoyera, zodulidwa ngati matewera. Zinali zazikulu modabwitsa, koma mtima ukapsa suyeza. Ndiye anamva mawu: "Vuuum! Pipiii!"

Anakankha geti ndi phazi.

Pasimenti panali njinga ya olumala. Pamenepo panakhala bambo wowonda, pakamwa popotoka, dzanja limodzi litagona pamwendo ngati si lake. Dzanja linalo linagwira chiwongolero cha galimoto ya mawaya ija. Chinafika ndendende pamchombo.

Anali mlamu uja.

Mwamuna wake anali atagwira njingayo kumbuyo. Atamuona, anaima.

"Anafa ziwalo chaka chatha," anatero mwamunayo. "Anasamukira kuno kwa mwana wawo, koma iye amakhala kuntchito. Adokotala akuti dzanja lizigwira chinachake. Kampira kofinya anakataya. Ichi chokha ndiye savuta. Ndi amene anandiphunzitsa kupinda waya, mayi."

Mayi Telala anacheukacheuka. Maso ake anayendabe. Pakhonde. Pansi pa benchi. Ankafuna tinsapato, kabotolo, chilichonse. Panali ndodo ndi beseni basi.

"Muli mwana muno?"

Mlamu anaseka mbali imodzi ya nkhope. Mawu ankatuluka mokoka. "Mwana ndine, alamu. Mwamupeza. Matewera ndi awo."

"Pakamwa sipanafe, ndaona."

"Panafa theka. Theka lija loipa."

Mayi Telala anaiyang'ana galimoto. Kumbuyo kwake kunali kopanda kanthu. Anapisa m'chikwama, natulutsa kachidutswa ka nsalu. Telala sasowa nsanza. Anapinda, namanga khosi ndi ulusi, nakoka timanja tiwiri. Anakhazika chidolecho kumbuyo.

"Galimoto yanji yopanda wokwera? Chikagwa, nonse awiri mundiona."

Mwamuna anakanda m'mutu. "Nanga lumbiro lija? Kunyumba ndibwere?"

"Inenso ndaponda pano ndi miyendo yanga. Ndidzithamangitse?" Anamukankhira pambali, nagwira njinga. "Koma masiwitiwo bweretsani kuno. Ndiona ndekha amene amadya."

"Pipiii," anatero mlamu.