Chete wa a Makutu

"Palibe chikumveka," anatero Namwino, akugogoda sipika ndi chala.

Linali tsiku lachinayi chiikireni bambo ake m'manda. Mipando yobwereka inali itabwezedwa. Pakona pa balaza panatsala kompyuta. Osati ya malemu, ya kuntchito. Zaka makumi awiri malemuwo anajambula mawu a anthu pa wailesi, mpaka anzawo anawatcha a Makutu. Atayamba kudwala anabwera nayo kunyumba. Tsopano dalaivala wa wailesiyo anali pakhomo. Abwana ake anamutuma kudzaitenga. Mawa afufuta zonse, apatse wina.

Amayi anakhala duu, manja pamiyendo. Ankafuna chimodzi basi: kumvanso mawu a amuna awo. M'foni munalibe. Malemu uthenga ankangolemba.

"Si kompyuta ya anthu iyi," anatero bambo aang'ono. "Yakuda bii, zilembo zokhazokha. Achimwene anali ndi zawozawo. Alamu, tiwapatse eni ake, tingaoneke ngati tikukakamira katundu."

"Khalani pansi, alamu."

Anakhala.

Kuchipatala kumene amagwira ntchito, Namwino amaupeza mtsempha ngakhale pamkono wa khanda. Koma izi ayi. Anatsegula kabuku ka bambo ake, kothimbirira m'mbali. Pa tsamba lina panalembedwa: Ikakhala chete, yamba waifunsa ngati ikuliona khadi la mawu. Pansi pake, mawu oti alembe pakompyutapo: aplay -l.

Analemba ndi chala chimodzi. Makina anayankha mizere itatu ya Chingerezi.

"Akuti chiyani?"

"Khadi lilipo, amayi. Ikuliona."

"Nanga bwanji sikuyankhula?"

 Namwino anatsatira mzere wina wa m'kabukumo: alsamixer. Panatuluka timizati, kalikonse kali ndi MM pansi. Kabuku kanati MM ndiye kuti yatsekedwa pakamwa, dina M. Anadina. Sipika inati fuu.

Mafayilo anali mazanamazana, mayina ake manambala. Yoyamba, mayi wina akuwerenga zidziwitso. Yachiwiri, kwaya. Yachitatu, mlimi akudandaula za mbozi. Yachikhumi, mwana akuseka. Onse omveka bwino ngati ali m'nyumba momwemo. Bambo ake munalibe.

"Pepani amayi," anatero dalaivala. "Abwana aimbanso."

"Tamva, achimwene."

Kenako Namwino anaona mafayilo ena osungidwa paokha, pamwamba palembedwa kuti zanga. Iliyonse mphindi imodzi. Anatsegula. Zii. Ina. Zii.

"Yafanso," anatero bambo aang'ono.

"Siinafe." Dalaivala anavula kapusi, n'kulowa. "Ndi chete wa chipinda ameneyo. Asanajambule munthu ankatikhalitsa phee tonse, mphindi yathunthu. Munthu akadodoma poyankhula, kapena mawu akamuthawa, iwo ankadula pamenepo n'kumata ndi chete ameneyu. Amati asachite manyazi akadzimva pa wailesi. Ine anandithamangitsapo kawiri. Akuti mimba yanga imalongolola."

Palibe anaseka. Amayi anakokera mpando pafupi.

"Kweza. Bwezera."

Namwino anakweza mpaka pamapeto. Onse anakhala phee. Sipika inkangoti siii. Cha kothera, Amayi anakweza chala.

"Ndi iwowo."

"Sindinamve kanthu, alamu."

"Inu simungamve."

Namwino anagunditsa foni yake pasipika, n'kujambula. Atamvera, munali kulira kwa filiji ndi galimoto yodutsa. Anayesanso. Filiji yomweyo. Anatembenuza masamba a kabuku kufuna posonyeza kakoperedwe. Panalibe. Masamba otsala anali oyera.

Foni ya dalaivala inanjenjemera m'thumba. Anaigwira ndi dzanja, osaitulutsa.

"Komaliza," anatero Amayi.

Anatsamiritsa khutu pasipika, maso otseka. Mphindi inayenda. Ulendo uno Namwino nayenso anamva. Kutali ndi maikolofoni, munthu amene anagwira mpweya nthawi yonseyo anali kuutulutsa pang'onopang'ono, nkhope atatembenuzira kukhoma.