Boti Losawolotsa Munthu

Wickson Thomu anali dalaivala wa banja lina ku Al Khulaifat, m'dziko lina la Aluya. Zaka zinayi zinatha akuyendetsa galimoto imodzimodzi, kutenga Madamu uku, kukasiya ana uko, tsiku lopuma osalidziwa. Lamulo litasintha mu 2020, loti wantchito atha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wake, Felister, wakwawo wina wogwira ntchito pahotela ku West Bay, anamupezera malo.

"Achimwene, mufike 4 koloko ndendende," anatero Felister pafoni. "Manejala akufuna dalaivala mmodzi basi, ndiye ofuna ndi ambiri. Mukachedwa, khalas, zathera pomwepo."

Vuto linali galimoto. Bwana anaikamo kachipangizo kolondolera, moti ikangokhotera kosayenera, foni ya Madamu inkalira. Choncho tsikulo, atawasiya Madamu kwa mng'ono wawo ku Msheireb, anakaiimika pa Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, pamene ankaloledwa kudikirira. Inali itangopitirira 3 koloko.

Sitima ya Metro masiku a Covid amenewo inkalowetsa anthu pang'onopang'ono, mzere mpaka panja. Koma hotelayo Wickson ankaiona ndi maso ake, iyo apo tsidya la madzi, ndipo m'mphepete munali maboti amatabwa atafola. Tsono munthuyu ndi wa ku Nsanje. Kwawo boti ndi lowolotsa: umakwera ndi njinga yako kapena mbuzi yako n'kukatsikira tsidya la Shire. Zoti munthu wanzeru zake n'kulipira boti kuti azungulire pamadzi kenako n'kubwerera pomwe anakwerera, sanazimvepo chibadwire.

Woyendetsa boti, mkulu wina wachimwenye wa ku Kerala, anamuyeza kutentha pachipumi.

"West Bay?" anafunsa Wickson, akuloza ndi chala.

"West Bay, West Bay, yalla, kwera," anatero mkuluyo. Ndipo sananame ayi, chifukwa aliyense wokwera ankafunadi kukaona West Bay.

Wickson anakhala kutsogolo, envulopu ya mapepala pamiyendo, malaya ositidwa bwino. Kumbuyo kwake atsikana anayi a ku Philippines ankavula mamasiki, kujambulana, n'kuvalanso. Iye mtima unali mbee. Ankadzitama chamumtima kuti mwana wa m'madzi sasowa njira, ena aja azingofola pa Metro.

Nyumba zazitali zija zinayandikira. Anatha kuwerenga dzina la hotela, anaona ngakhale mlonda ataima pageti. Anaimirira n'kukonza kolala. Boti linachepetsa liwiro, atsikana aja anakweza mafoni, kenako mphuno ya boti inayamba kukhota bwinobwino kulozanso kumene linachokera.

"Aaa! Habibi, stop! Ine nditsika pano!"

"Mafi stop," anatero mkulu uja, osakweza n'komwe mawu. Anafotokoza m'Chingelezi choduladula kuti botilo limakocheza pomwe lanyamukira basi. Akangoligunditsa kukhoma la tsidya lilo ntchito yamuthera, ndipo nayenso ali ndi ana kwawo.

Wickson anapempha, anachonderera, anatsala pang'ono kugwada. Mkuluyo anangopukusa mutu, maso kutsogolo. Ndiye Wickson anayang'ana madziwo. Sanali otambalala ngati Shire nthawi yamvula, komanso analibe ng'ona. Akanasambira ndithu. Koma munthu wovuuka m'nyanja ali nyowe, mapepala ataphwetsuka, amene amayamba kumulandira ndi apolisi, ndipo mawa lake ali m'ndege. Anakhala pansi. Anachita manyazi kwambiri, moti anathokoza kuti masiki yamubisa pakamwa.

Boti silinafulumire. Linadutsanso pafupi ndi nyumba ya zinthu zakale kuti atsikana aja ajambule. Pamene linkakocheza, foni inali ikulira kale m'thumba.

"Achimwene, muli kuti kodi?" anatero Felister monong'ona. "Manejala wakudikirani mpaka watopa. Watenga mnyamata wa ku Kenya, akusayina panopa."

"Ndinafika pakhomo penipeni, chemwali."

"Pakhomo pati? Ine mwandichititsa manyazi." Anadula, poti anali pantchito.

Asanaibweze m'thumba inaliranso. Anali Madamu. Anakawatenga ku Msheireb limodzi ndi mng'ono wawo, ndipo atangokhala anati akufuna kukamwa tiyi ku West Bay, n'kutchula dzina la hotela yomwe ija.

Msewu unali wopanda anthu. Panangotha mphindi zisanu ndi ziwiri. Mlonda uja anakweza chitsulo cha pageti, Wickson analowa, anatsika, nawatsegulira chitseko. Madamu anamuuza kuti adikire, ndipo iye anati, "Yes, Madamu."