Makoko m'Jekete ya a Mac

A Mac anamwalira Lolemba m'mawa, ndipo pofika Lachitatu zonse zinali zitatha. Panalibe nyimbo, panalibe tsiku loona nkhope, panalibe ulendo wa kumanda. Mwana wawo wamkazi, Lorraine, anangotumiza uthenga pafoni ya a Enelesi wonena kuti thupi la bambo alitentha monga mmene eni ake anafunira, ndipo akuthokoza pa zonse zimene anawachitira.

A Enelesi anawerenga uthengawo kawiri, naika foni m'chikwama. Anali atawasamalira a Mac zaka zitatu kunyumba kwawo ku Fairfax: kuwasambitsa, kuwameta, kukangana nawo za mankhwala. Imfa siinawadabwitse, pakuti pa ntchito ya usamaliri anali ataiona kambirimbiri. Chimene chinawavuta chinali cha Loweruka.

Loweruka lililonse la chilimwe ankawakankha a Mac pa wilitcheya kupita ku bwalo la mpikisano wa magalimoto, kumidzi ya Virginia, ulendo wa ola limodzi ndi theka. A Mac ndiwo anayambitsa timu ya galimoto yachikasu, nambala 41, kalekale m'garaja ya kunyumba kwawo. Tsopano timuyo ankaiyendetsa Lorraine, ndipo pa chiwongolero pankakhala mwana wa Lorraine, Sean, bambo wa ndevu zake.

Tsiku loyamba a Enelesi sanaone chanzeru pamenepo. Anthu akuluakulu kumangozungulira pamalo amodzi, kuotcha mafuta, osafika kulikonse, phokoso lake mpaka mano kumanjenjemera. Koma manja a a Mac anali atayamba kugwedera, moti sankathanso kudina wotchi yawo yoyezera nthawi. Anawapatsira a Enelesi wotchiyo pamodzi ndi kope.

"Yachikasu ikadutsa pa mzere woyera uwo, dinani. Ikadutsanso, dinani, mulembe."

Anadina, nalemba. Pofika mwezi wachitatu ankadziwa kulira kwa injini ya 41 asanaione galimoto. Chaka chachiwiri anali ndi chipewa chachikasu chimene ankachiveka pamwamba pa duku, ndipo kutchalitchi anthu ankadziwa kuti a Enelesi akalowa atakwinya nkhope, ndiye kuti dzulo 41 inagunda khoma.

Vuto linali pa geti. Kuseri kwa mpanda, kumene matimu amaimika ngolo zawo zikuluzikulu zonyamulira magalimoto ndi kukonzera magalimotowo, kumene amati ku piti, sikulowa munthu wamba. Pa geti pamakhala mndandanda wa maina, ndipo amene dzina lake lilipo amamumanga kachingwe ka pepala pamkono. Dzina la a Enelesi silinali ndi mzere wakewake. Linalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono pansi pa la a Mac, pambali pake mawu akuti wosamalira.

Lachisanu madzulo kunafika mlamu wawo Sosten, mwamuna wa mng'ono wawo, amene amayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wina pa Massachusetts Avenue. Anawapeza m'khitchini kunyumba kwawo ku Columbia Heights akutulutsa thireyi ya mtedza mu uvuni, wokazinga ndi makoko omwe.

"Alamu, mtedza wonsewu mukukagulitsa?"

"Mawa mutiperekeze ku bwalo, ine ndi anzanga a Chalwe. Tikukapepesa maliro."

"Maliro ake ati? Munthu anamusandutsa kale phulusa. Akuitanani?"

"Kodi inu kwanu ku Ntcheu maliro amachita kuitanirana?"

Sosten anatola mtedza umodzi, nauswa ndi mano. "Kuno si ku Ntcheu. Ndikuuzeni chilungamo, alamu, musakachite manyazi. Inu kumene kuja munali wokankha wilitcheya. Wilitcheya yapita, ntchito yatha. Mumati ife a 41, ife a 41, chonsecho ngakhale laisensi mulibe."

"Nanga inu timu yanu ya ku Ulaya ija mumaidzukira m'mamawa kuionera pa TV, anayamba akupatsaniko moni? Ine Sean amandidziwa dzina. Mukhale pano teni koloko, ndipo musavale malaya a timu yanu ija."

Anayankha molimba choncho, koma Sosten atachoka anatenga wotchi ndi kope la a Mac, zimene zinatsalira m'chikwama chawo, naziika mu envulopu. Si zawo, ndiye ziyenera kubwerera kwa eni ake. Ngati akawauze kuti zikomo, yendani bwino, akamve ndi makutu awo, osati kumva kwa Sosten.

Anafika ku bwalo dzuwa lili pamutu. A Chalwe, mnzawo wa ku Lusaka amene amagwira naye ntchito ya usamaliri, anali atamanga chitenje chakuda, ndipo Sosten ananyamula beseni la mtedza lovundikira ndi nsalu. Mlonda wa pa geti anawadziwa a Enelesi. Anayendetsa chala pa mndandanda mpaka pansi, napukusa mutu. Dzina la a Mac linali litafufutidwa, ndi tizilembo tija tomwe.

"Muimbireni Lorraine," anatero a Enelesi. "Mumuuze kuti Enelesi wabwera ndi anthu awiri, sachedwa."

Mlonda anaimba, namvetsera, nawalola kulowa mphindi khumi, opanda kachingwe.

Pa ngolo ya 41 anthu anali pakalikiliki. Galimoto inali m'mwamba, matayala ali pambali, ndipo George, makaniko wamkulu wa timuyo, anali pansi pake, miyendo yokha ikuoneka. Pa chitseko cha ngolo anali atakolekapo jekete yachikasu ya a Mac, yothetheka m'zigongono, kuti anthu awakumbukire. Lorraine anali ndi mapepala m'manja, foni pakhutu, nkhope youma ngati ya munthu amene sanapeze mpata wokhala pansi sabata yonse.

A Enelesi sanapereke moni wamkono. Anayala chitenje pa simenti pafupi ndi ngolo, nakhala pansi, natambasula miyendo. A Chalwe anakhala pambali pawo. Sosten anavula chipewa, nanyonyomala chapatali pang'ono.

Lorraine anadula foni. "Enelesi, mipando ilipo. Wina abweretse mipando."

"Pa maliro timakhala pansi, mwanangu. Sosten, yankhulani."

Sosten anakonza kukhosi, nayankhula m'Chingerezi cha ku ofesi ya kazembe. Anati amva zovuta zimene zagwa pakhomo pano, ndipo sakanatha kukhala kunyumba ngati sanamve. Anati kwawo munthu sapita kokapepesa chimanjamanja, choncho abwera ndi kanthu kochepa koti anamfedwa atafune. Atatha, a Chalwe anakankhira beseni kutsogolo, navundukula nsalu.

Makaniko wina amene ankagubuduza tayala anaima. Mnzake anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. George anatuluka pansi pa galimoto, nayang'ana beseni, nkhope n'kufiira mpaka m'khosi.

"Chotsani zimenezo. Tsopano lino. Lorraine, walowetsa ndani anthu amenewa ndi mtedza?"

"Ba Enelesi, manje talakwa chani?" ananong'ona a Chalwe.

Lorraine ndiye anafotokoza, mwamanyazi. Anthu a mipikisano ya magalimoto salola makoko a mtedza ku piti. Amati amaitana ngozi. Akuti kalekale magalimoto ena anagubuduka, ndipo m'zophwanyika zake anapezamo makoko. Kaya n'zoona kaya ayi, palibe amene amafuna kuyesa, makamaka lero, Sean akulowa m'galimoto agogo ake atangomwalira kumene.

"Munthu wa timu ino akanadziwa zimenezi," anatero George. "Pepani mayi, koma mphindi khumi zanu zatha."

Sosten anali atagwira kale beseni, maso ali pansi. A Enelesi anamva kutentha kumaso. Zaka zitatu, ndipo palibe anawauzapo. Kenako anayang'ana jekete ija pa chitseko, ndipo manyazi anawathera pomwepo.

"Alamu, siyani beseni. George, kodi a Mac anali a timu ino kapena ayi?"

"Funso lanji limenelo?"

"Ndikufunsa chifukwa mtedza umenewu ankadya Loweruka lililonse, pamwamba pa ngolo yomweyi, inu muli pansi pa galimoto. Ndinkawabweretsera m'kathumba. Ankati ndiziwapatsira umodziumodzi, chobisa. Ine ndinkayesa akuopa adokotala."

"Bodza. Mac sakanachita zimenezo. Ndi iye anandiphunzitsa lamuloli."

"Makoko sankataya pansi, ankaika m'thumba la jekete. Ndinkati koma bambo awa ndi aukhondo. Lamulungu lililonse ndinkakhuthula matumbawo ndisanachape. Ulendo womaliza uja anadwala tili pompano, tinachoka mothamanga, jekete inatsala kuno, sindinaichape. Lorraine, pisa dzanja kuthumba lakumanzere."

Lorraine anaika mapepala pa tayala, napita pa chitseko. Anapisa dzanja, nakhala kanthawi osalitulutsa. Potulutsa, linali lodzaza makoko, ena akugwera pa nsapato zake.

Anayamba ndi kuseka. "Bambo inu," anatero, akuyang'ana makokowo. "Munandikwapula ndili ndi zaka naini chifukwa cha mtedza." Kusekako kunasweka pakati, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. A Enelesi anamukoka dzanja, namukhazika pa chitenje pakati pa iwo ndi a Chalwe, namugoneka mutu pa phewa lawo. Lorraine analira mokweza, ngati mwana. Amakaniko anavula zipewa. A Chalwe anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, injini za matimu ena zikulira mbali zonse.

"Eya," anatero a Enelesi, akumusisita pamsana. "Izi ndiye timadzera."

George anaima manja ali m'chiuno. Atadikira kuti kulira kuchepe, anati, "Zaka zitatu zimenezi tagunda khoma kanayi."

"Khomalo munkaligunda ine ndisanabwere, a Mac anandiuza. Ndipo tapambana kawiri. Chikho cha chaka chatha chija tinatenga iwo atamaliza kathumba konse."

Makaniko wina anaseka, nabisa kukamwa.

A Enelesi anatulutsa envulopu m'chikwama, naipereka kwa Lorraine ndi manja awiri. "Izi ndi za bambo ako. Ndabweza."

Lorraine anapukuta maso, natsegula kope. Masamba oyambirira anali ndi zilembo zonjenjemera za a Mac. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto linali dzanja la a Enelesi, manambala oimirira bwino m'mizere, Loweruka ndi Loweruka, osadumpha ngakhale limodzi. M'mphepete munali mawu a Chichewa.

"Apa munalemba chiyani?"

"Apo ndinati Sean wagona pa kona yachitatu. Apa ndinati ulesi."

"Ndi zimene agogo ankandiuza zija?" Anali Sean, atatuluka m'ngolo, chisoti chili m'khwapa. "Ndinkadabwa kuti munthu wosaona bwino akudziwa bwanji kuti ndachedwa kuponda pa kona yachitatu." Anawerama, napereka moni kwa a Enelesi atagwira chigongono, monga anamuphunzitsira. "Ndiye lero andiyezera ndani?"

"Makina a bwalo amayeza," anatero George.

"Makina sanena kuti ulesi."

Lorraine anatseka kope, naliika pa miyendo ya a Enelesi, wotchi pamwamba. Anaimirira, nasasa fumbi, naimbira mlonda wa pa geti. A Enelesi anamva akutchula dzina lawo chilembo ndi chilembo, kenako akuti, "Ayi, osati pansi pa munthu. Mzere wakewake. Lembani woyeza nthawi."

George anapumira m'mwamba. "Chabwino. Koma beseni lituluke."

"Lituluka," anatero a Enelesi. "Alamu, tengani, mukagawire masapota athu ku mabenchi uko. Ovala zachikasu okhaokha. A 17 musawapatse, ndi amwano."

Sosten ananyamula beseni. Podutsa pafupi nawo anati chapansipansi, "Koma alamu, muli ndi mwayi."

"Si mwayi. Ndimachapa ndine jekete."

Mlonda anabwera yekha ndi kachingwe, nawamanga pamkono. A Enelesi anakwera masitepe a ngolo pang'onopang'ono, chifukwa cha bondo, nakafika pamwamba pomwe ankaimika wilitcheya. Panali mpando wapulasitiki. Anaukokera pamalo pake penipeni, pomwe mzere woyera umaoneka bwino, nakonza chipewa pa duku, natsegula tsamba latsopano. Kutsidya, pa mabenchi, anaona a Chalwe akuyenda ndi beseni pakati pa anthu achikasu, Sosten akuloza amene sanalandire.

Magalimoto anayamba kufola. George anakwera masitepe kudzaona mmene 41 yaimira pa mzere, naima pambali pawo ndi mawaya ake kumakutu. A Enelesi anapisa dzanja m'thumba la juzi, natulutsa mtedza umodzi, nauswa pakati pa zala. Njere anaponya m'kamwa, makoko anabwezera m'thumba.

George anamva kuswekako. Sanatembenuke.

"Lisagwe pansi ngakhale limodzi," anatero, maso ali ku bwalo.

"Zaka zitatu linagwapo?"

Mbendera yobiriwira inagwedezeka, phokoso linadzaza bwalo lonse, ndipo yachikasu itadutsa pa mzere woyera, a Enelesi anadina wotchi.