Chikasu cha Mzere Wachitatu

"Ndati tizule! Matendawa sadikira munthu."

"Muzula bwanji musanadziwe chimene chavuta?"

"Mwamva, alamu? Zaka zinayi ku yunivesite, wangobwerako ndi mafunso."

Wofuna kuzula chimangayo anali bambo ake. Amene ankaseka atatsamira sipuleya anali amalume ake. Wamafunsoyo anali mtsikana amene pakhomo ankamutcha Namabuku, mlangizi wa zaulimi wongoyamba kumene ntchito. Anabwera kudzangoona makolo, koma anapeza munda uli pa mlandu.

Chimanga chinali chitafika m'chiuno, koma china chinali chitachita chikasu. Dzulo lake wogulitsa mankhwala, yemwe mundawo sanauonepo ndi kamodzi komwe, anali atagamula ali kuseri kwa kauntala: amenewo ndi matenda, zulani chodwalacho, chotsala mupopere. Kutereku kunali kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a munda wonse.

"Ndikukatunga madzi a m'sipuleya," anatero bambo ake. "Ndikabwera, digiri kaya ayi, tiyamba."

Namabuku analowa m'mizere nsapato zili m'manja. Anasuzumira pamtima pa chimanga kufuna mbozi. Munalibe utuchi, masamba osabooka. Anatembenuza tsamba kufuna nsabwe, koma kunsi kwake kunali mbee. Timizere toyera ta matenda aja ofala ndi tizilombo natonso panalibe. Chikasucho chinkayambira kunsonga kwa masamba am'munsi n'kumatsika chapakati. Amenewa sanali matenda, inali njala. Koma njala yotani m'munda wothiridwa feteleza?

"Mwapeza chiyani, adokotala?" anafuula amalume. "Tiitane ambulansi?"

Namabuku anathamangira pachulu cha m'mphepete mwa munda, nakwera chokwawa. Ali pamwamba anayang'ana pansi, ndipo anakuwa mpaka mayi ake, amene ankapalira chakumunsi, anaponya khasu.

"Amayi! Amalume! Bwerani muone! Fulumirani!"

Anakwera onse awiri ali wefuwefu.

"Werengani nane kuyambira kunjira. Wobiriwira, wobiriwira, wachikasu. Wobiriwira, wobiriwira..."

"Wachikasu," anamaliza mayi ake chapansipansi.

Zinali choncho mpaka kumalire, osaphonya, ngati munda achita kuulemba ndi rula.

"Ndiye matenda ake ati odziwa masamu?" Namabuku anali akudumphadumpha ngati wagoletsa chigoli. "Mbozi iti imadya mzere umodzi, n'kulumpha iwiri mwaulemu? Matenda amafala ngati moto, amagwira chimene chili pafupi. Izi wachita ndi munthu!"

"Watilodza ndani?" anafunsa amalume, maso ali tong'o.

"Palibe. Feteleza munathira bwanji?"

"Monga mwa nthawi zonse," anatero mayi ake. "Ine, bambo ako ndi amalume akowa, aliyense mzere wake, moyandikana. Tikafika kumapeto timabwerera kunjira kumene kuli thumba, n'kuyambanso mizere ina itatu."

"Atatu! Ndiye basi! Tikapu toyezera tili kuti?"

Nthawi imeneyo bambo ake anali atafika ndi ndowa ziwiri za madzi. Anapeza anthu atatu akuluakulu akutsetsereka pachulu, kuthamangira ku kachisakasa kosungiramo makasu.

"Nthawi yatha!" anakuwa.

"Ababa, musazule kanthu!" anayankha Namabuku osacheuka. "Chimanga chanu sichikudwala, chili ndi njala! Nthaka ikadali yonyowa. Tikathira feteleza wobereketsa lero m'mizere yachikasuyo, sabata ziwiri simudzachizindikira!"

"Osazula?"

"Ngakhale phesi limodzi!"

Amalume anaimba mluzu, nanyamula Namabuku m'mwamba ngati thumba la mbewu. Bambo ake anatula ndowa zija, nkhope ikulimbana ndi kumwetulira.

"Ndimadziwa ine," anatero. "Mutu umenewu anatengera kwa ine."

Mayi ake anatuluka m'kachisakasa ndi chidebe chothiramo feteleza, nachikhuthula pansi. Panagwa timitengo titatu. Kunsonga kwa tiwiri kunali tikapu toyezera, tofanana ndendende. Kachitatu anakakhomera kachivindikiro ka botolo la mankhwala a chifuwa, kakang'ono koti chala chachikulu sichingalowemo.

Namabuku anatapa dothi ndi kachivindikiroko n'kuthira m'kapu yeniyeni. Anatapanso. Anatapanso kachitatu, kapuyo osadzaza.

"Mzere wachitatu uliwonse umadya chonchi," anatero. "Nanga ukanabiriwira ndi chiyani?"

Amalume anatola kapu imodzi msangamsanga. "Yanga ndi iyi, ili ndi chipsera cha moto."

Mayi ake anatola inayo. Pansi panatsala kamtengo kamodzi. Bambo ake anayamba kuyang'ana mitambo mwachidwi chachikulu, ngati mvula ikubwera ndi uthenga wawo.

Mayi ake anagwira m'chiuno.

"Bambo a mwana, kapu yanu munaitaya kuti?"